Nyali ya galimoto ikazima, musathamangire kogula babu

Lachisanu lina madzulo panafika bambo wina pa garaja ndi Toyota Probox, atanyamula kajumbo ka mababu atatu. Onse anali atsopano, ogulidwa sabata yomweyo. "Achimwene, mababu a masiku ano ndi achinyengo," anatero. "Ndikaika limayaka usiku umodzi, mawa lake zii." Ndinatsegula boneti, n'kupisa dzanja kuseri kwa nyali yakumanzere, n'kuzula soketi. Fungo la pulasitiki wopserera linandipeza ndisanayang'ane n'komwe. Limodzi mwa mabowo atatu a soketiyo linali lakuda bii, ndipo kachitsulo ka mkati mwake kankagwedera ngati dzino lofuna kuguluka. Mababu aja ndinawayesa pa batire limodzilimodzi. Onse atatu anayaka bwinobwino.

Bamboyo anataya ndalama chifukwa anayamba kugula asanafunse. Pa ntchito yathu ya zamagetsi a galimoto, funso loyamba silikhala lakuti tigule chiyani, koma lakuti chazima n'chiyani kwenikweni. Nyali imodzi kapena zonse ziwiri? Dimu yokha, fulu yokha, kapena zonse? Yazimiratu, kapena ikuyaka mofooka ngati koloboyi? Mukayankha zimenezi mwachepetsa kale malo ofufuza, ndipo simunalipire kalikonse.

Magetsi a nyali amayenda ulendo wozungulira. Amachoka ku batire, amadutsa pa fyuzi, pa relay (kabokosi kothandiza switchi kulamula magetsi) ndi pa switchi ya pachiwongolero, amatsata waya mpaka pa soketi, amalowa m'babu, kenako amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimotoyo. Njira yobwererayi ndi imene timati earth. Paliponse pamene ulendowu wadukira, nyali imazima mofanana, n'chifukwa chake maso okha amanamiza.

Tiyambe ndi nyali imodzi yozima, poti ndi imene imabwera kawirikawiri. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu yathu, monga Probox, Vitz zakale ndi maminibasi a Hiace, amagwiritsa ntchito babu lotchedwa H4. Mulizindikira ndi miyendo yake itatu. Mkati mwa galasi lake muli tiwaya tiwiri topotana: ka dimu ka mawati 55 ndi ka fulu ka mawati 60. Ka dimu ndiko kamagwira ntchito kwambiri, choncho ndiko kamayamba kuduka. Ngati mbali imodzi dimu yazima koma fulu ikuyaka, nthawi zambiri ndi babu. Magalimoto ena ali ndi mababu osiyana a dimu ndi fulu, monga H7, H11, HB3 kapena HB4, koma kaganizidwe kake n'kamodzimodzi.

Zimitsani nyali, dikirani babu lizizire, litulutseni muliyang'ane powala. Kawaya koduka kamaoneka, nthawi zina kamalendewera, ndipo galasi limatha kuda kapena kuchita mbuu mkati. Koma liliponso babu lakufa looneka ngati lamoyo. Njira yosanama ndi kusinthanitsa: la kumanja liikeni kumanzere, la kumanzere kumanja. Vuto likasamuka limodzi ndi babu, pitani mukagule babu. Likatsalira mbali yomweyo, babu lilibe mlandu, ndipo yang'anani soketi musanapite kwina kulikonse.

Ndikhalitse pang'ono pa soketiyi, chifukwa ndi imene anthu amaidumpha. Tizitsulo ta mkati mwake timayenera kugwira miyendo ya babu zolimba. Tikayamba kugwedera kapena kuchita dzimbiri, magetsi amadutsa movutikira, pamalopo pamatentha, kutenthako kumafewetsa pulasitiki, ndiye kachitsulo kamagwedera koposa kale. Zimangokulirakulira choncho. Mukaika babu latsopano mumakhala mwakankha soketi, imagwira kwa maola angapo, mukagunda mabampu awiri yasiya. Ndi zomwe zinkawachitikira bambo a Probox aja. Nditawafunsa babu limene linalimo poyamba, analitulutsa m'kabokosi ka kutsogolo. Linalembedwa 100/90W. Wogulitsa anawauza kuti limawala kwambiri, ndipo sananame. Chimene sanawauze n'chakuti babu la mawati 55 limakoka ma amp osakwana 5, pamene la mawati 100 limakoka opitirira 8, pa waya ndi soketi zomwe sanazipangire katundu wotero. Tinadula soketi yopserera ija, tinaika ina, mawaya tinawalumikiza powotcherera ndi soda, kachitsulo kosungunula kaja, osati kungopota ndi kukulunga tepi, ndipo limodzi mwa mababu awo atatu aja ndi limene linalowa.

Nyali zonse ziwiri zikazima, mababu sindiwaganizira poyamba, chifukwa si kawirikawiri kuti awiri afe mphindi imodzi. Komabe ndimawayang'ana ndithu. Alipo ambiri amene amayenda mwezi wathunthu ndi diso limodzi osadziwa, makamaka oyenda m'tauni mokha, ndipo amadzazindikira tsiku limene lachiwiri lafa. Mababu akakhala amoyo, tsegulani bokosi la mafyuzi. La nyali zakutsogolo limakhala mu boneti, kufupi ndi batire pa magalimoto ambiri, ndipo kuseri kwa chivindikiro chake kuli chithunzi chosonyeza fyuzi iliyonse. Pa Toyota funani zolembedwa H-LP kapena HEAD, nthawi zambiri ziwiri, LH ya kumanzere ndi RH ya kumanja. Zikakhala zogawidwa choncho, ndiye kuti fyuzi imathanso kuzimitsa nyali imodzi yokha. Mtundu umakuuzani mphamvu yake: yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20. Izuleni muone ngati kachitsulo ka pakati kaduka. Yolowa m'malo mwake ikhale ya nambala yomweyo.

Ikapsanso pompo, imani pomwepo. Fyuzi sinalakwe, yagwira ntchito yake. Penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo, zomwe timati shoti. Apa ndi pamene ena amakulunga fyuzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena kuikapo kawaya, kapena kutenga ya 30 kuika pa malo a ya 10. Nyali imayakadi. Koma motowo, umene ukanathera pa kafyuzi kotchipa, tsopano umakathera m'mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi. Ndasendapo mitolo yotere, mawaya khumi atasungunukira pamodzi ngati phula, ndipo ntchito yake imadya masiku. Malo ofunamo shoti ndi pamene mawaya akudutsa pabowo la chitsulo, pamene galimoto inagundidwapo, ndi pamene munthu wina analumikizapo zinthu zoonjezera monga masipotilaiti kapena wailesi. Musaiwale makoswe. Galimoto yogona pafupi ndi matumba a chimanga ndimaiyang'ana mawaya ndisanafunse china.

Relay ndi kabokosi kakang'ono ka m'bokosi lomwelo la mafyuzi. Ntchito yake ndi kulola switchi, yomwe ndi yofooka, kulamula magetsi ambiri opita ku nyali. Ikani chala pamwamba pake wina akuyatsa nyali, mumva kuti thi. Kusamveka kumatanthauza kuti relay yafa kapena lamulo lochokera ku switchi silikufika. Kumveka nakonso si umboni wokwanira, poti tizitsulo ta mkati timatha kupserera n'kumangolira osadutsitsa magetsi. Ngati m'bokosimo muli relay ina yofanana nayo nambala ndi miyendo, monga ya hutala pa magalimoto ena, sinthanitsani muone. Za switchi ndingonena chimodzi: ngati mukakoka kamtengo ka pachiwongolero fulu ikuthwanima, koma mukapotokola kuti nyali ziyake palibe chochitika, kapena zikuyaka mukakagwedeza, vuto lili pamenepo. Kumasula pamenepo siyirani wodziwa, chifukwa pachiwongolero pali airbag.

Earth ndiye mfiti ya zamagetsi. Ikavuta, galimoto imachita zodabwitsa: nyali imodzi imayaka mofiirira inzake ikuwala bwino, dimu ndi fulu zimayaka pamodzi mofooka, kapena kanyali kabuluu ka pa dashibodi kamaoneka pang'ono muli pa dimu. Magetsi akasowa njira yawo yobwerera, amafuna ina, ndipo amadutsa m'babu lina lililonse lomwe alipeza. Tsatani waya mpaka pamene wamangidwa ndi bawuti ku chitsulo cha galimoto, kufupi ndi nyali. Masulani, palani dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba. Galimoto yongochoka kumene kowongola ndi kupenta ndiye imakonda matendawa, chifukwa waya amamangidwa pamwamba pa penti, kapena amaiwalika akulendewera. Kwa amene ali ndi tesita yoyezera magetsi, chenjezo: Toyota zambiri zimadula magetsi a nyali ku mbali ya earth, osati ku mbali yochokera ku batire. Mutha kupeza magetsi pa miyendo ya soketi n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene chosowa ndi njira yobwerera.

Pali ena amene mababu amawapseradi pafupipafupi, soketi ili bwino. Amenewo ndimawayezera alternator, makina amene amatchaja batire injini ikamalira. Injini ili chozima, batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Ikalira, liyenera kukhala cha pakati pa 13.8 ndi 14.5. Likamapitirira 15, alternator ikuthira mopyola, ndipo mababu ndi amene amayamba kufa, batire n'kutsatira. Chizindikiro chake n'chakuti nyali zimawala mopitirira mukaponda mafuta. Chifukwa china n'chaching'ono koma chenicheni: kugwira galasi la babu ndi zala. Mafuta a pakhungu amatsalira pagalasi, pamenepo pamatentha kuposa pena ponse, babu silikhalitsa. Gwirani kuchitsulo, kapena ndi kansalu koyera. Madzi nawonso amapha. Kuseri kwa nyali kuli chivindikiro cha labala, ndipo chikasowa kapena chikang'ambika, mvula yoyamba imasiya nthunzi mkati mwa nyali.

Zonse ndanenazi ndi za mababu wamba. Ngati nyali zanu zimayamba ndi kuwala kwabuluu pang'ono kenako n'kuyera mbee patapita masekondi angapo, muli ndi HID, mababu olembedwa D2 kapena D4. Amenewa alibe kawaya mkati. Amayatsidwa ndi kabokosi kotchedwa ballast, kamene poyatsa kamatulutsa mavoti opitirira 20,000. Musapiseko dzanja nyali zili zoyatsa. Babu la HID likamatha limasintha mtundu kukhala lofiirira, limaphethira, kapena limazima n'kuyakanso mukazimitsa ndi kuyatsa. Ballast imakhala pansi pa nyali pa magalimoto ambiri, pamene madzi olowa amakadikha, ndiye imafa nayonso. D2 ndi D4 salowana. Pa nyali za LED zobwera ndi galimoto, nthawi zambiri mulibe babu loti n'kusintha. Za ma LED ogula pamsika n'kuwaika m'nyali yopangidwira H4, maganizo anga ndi akuti ambiri amamwaza kuwala paliponse: mwini wake amaona ngati zawala, koma wobwera kutsogolo ndiye amachita khungu.

Nanga ikazima usiku muli pa M1, tinene pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene m'mbali mwa msewu muli anthu oyenda pansi, akabaza ndi ngolo zopanda chowala chilichonse? Zikazima zonse, yatsani mahazadi, patukani pamalo abwino, yang'anani mafyuzi ndi tochi ya foni. Zikakanika, gonani pomwepo kapena itanani thandizo. Ikazima imodzi, kumbukirani kuti wobwera kutsogolo akuyesani njinga yamoto. Popeza timayenda kumanzere kwa msewu, nyali ya kumanja ndi imene imamuonetsa pamene galimoto yanu yathera. Ngati yafa ndi ya kumanja ndipo vuto ndi babu, samutsani la kumanzere kuti mukafike, mukuyenda pang'onopang'ono. Babu limodzi lapadera ndi mafyuzi angapo a 10 ndi 15 zimakwana m'kabokosi ka kutsogolo.

Poika babu la H4, onani timapiko titatu ta m'mphepete mwake. Timalowa njira imodzi yokha, musakakamize. Kolani kawaya kogwirizira, bwezerani labala lija, mbali yolembedwa TOP ikhale kumwamba ngati ilipo, kenako kankhani soketi mpaka ifike. Kukada, imikani galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, muyatse dimu. Kuwala kwa nyali zonse ziwiri kuthere pa mzere umodzi, wotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi kutalika kwa nyalizo, ndipo kukwere pang'ono chakumanzere, kumene kuli oyenda pansi. Mbali imodzi ikaloza kudenga, babu lakhala mopendekeka, tsegulaninso.