Boti la mawangamawanga silibisala kwa nsomba

Mwezi wathawu kuntchito kwanga kuno ku Zomba kunabwera bambo ena a ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, atanyamula zitini zitatu za penti m'jumbo. Anali atakhoma okha boti laling'ono la matabwa, lotalika mamita 4, ndipo amafuna likhale la mawangamawanga ngati yunifolomu ya asilikali a ku Cobbe Barracks. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Amisiri, makumba achenjera masiku ano, akangoona boti ndiye kuthawa." Ndinawauza kuti ntchitoyo tigwira, koma nsomba sizidzawaona n'komwe mawangawo.

Nsomba imaona boti ili pansi pake. Kumwamba kumakhala kowala, ndiye chilichonse choyandama chimangooneka ngati mthunzi wakuda, kaya mwachipaka utoto wobiriwira kaya wofiira. Komanso Chilwa ndi nyanja yosaya, yamatope, yopanda mtsinje wotulutsa madzi ake. Malo ambiri mukamiza mkono mpaka m'chigongono, zala simuzionanso. Chimene chimabalalitsa makumba ndi matemba ndi phokoso. Nsomba ili ndi kamzere m'mbali mwa thupi, kuchokera kumutu mpaka kumchira, kamene kamamva kugwedezeka kwa madzi. Nkhafi ikagunda thabwa, kapena chitini chokapira madzi chikagwa m'boti, zamva kale zili patali. Kuyala saka pansi pa boti kungakuthandizeni kuposa malita atatu a utoto.

Mawanga amanyenga maso a mbalame ndi a anthu. Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 1996 makamaka chifukwa cha mbalame zake zam'madzi, ndipo amene amatenga alendo kukaona mbalamezi m'njedza angapindule nawo kwambiri. Diso limazindikira chinthu poona m'mphepete mwake. M'njedza mulibe mzere wowongoka ngati mlomo wa boti, choncho ntchito ya mawanga ndi kudula mzere umenewu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amadontheza timadontho ting'onoting'ono tokongola, koma munthu akaima patali timadonthoto timasakanikirana n'kukhala mtundu umodzi, boti n'kuonekera lonse bwinobwino. Mawanga azikhala aakulu ngati lichero, osafanana kukula, ndipo ena azikwera kudutsa pamlomo wa boti.

Koma musanatsegule chitini, samalani thabwa, chifukwa ntchito yoyamba ya utoto ndi kuliteteza ku madzi. Boti lituluke m'madzi, liume pamthunzi masiku angapo. Mukapenta thabwa lachinyezi, dzuwa likawomba chinyezicho chimafuna potulukira, utoto umatupa matuza n'kuyamba kusupuka. Kwechani ndi sandipepa motsatira mmene mtengo unayendera, pukutani fumbi, kenako pakani pulaimala wa matabwa, utoto woyamba umene umakhala pansi pa enawo. Mudyetseni kwambiri kumapeto kwa matabwa kumene macheka anadula, poti kumeneko n'kumene kumamwa madzi ngati chinkhupule. Ngati pena munakhomapo chigamba cha lata, pamenepo pamafuna pulaimala wa zitsulo, apo ayi dzimbiri lidzatulukira. Malo omatidwa ndi phula asiyeni akhale akuda choncho. Phula limalowerera mu penti wa mafuta n'kumudetsa, ndiye kuli bwino lingokhala limodzi mwa mawanga anu.

Penti wa madzi wopakira zipupa za nyumba asayandikire boti. Gwiritsani ntchito wa mafuta. Lita imodzi imakwana malo pafupifupi masikweya mita 10 mukapaka kamodzi, ndiye pa boti ngati la bambo aja malita awiri a mtundu woyamba akwanira kupaka kawiri kunja konse, ndipo mitundu inayo theka la lita uliwonse.

Yambani ndi mtundu wowala, wofanana ndi njedza youma, boti lonse. Dikirani tsiku lathunthu, pakaninso. Tsiku lotsatira jambulani mawanga aakulu aja ndi wobiriwira wotuwira, wonga tsamba limene lagwidwa fumbi. Wobiriwira wa m'chitini amakhala wolasa m'maso, muziziritseni ndi wabulawuni pang'ono. Pomaliza dulani masamba a njedza, muwagoneke pathabwa choimirira ndi chopendeka pang'ono monga amamerera, kenako mudinde pamwamba pake ndi kachiguduli koviika mu utoto wabulawuni woderako. Mukachotsa masambawo mumatsala mizere yowala pakati pa mithunzi. Ine gawo limeneli limandisangalatsa nthawi zonse, chifukwa boti limayamba kufanana ndi dambo lisanafikeko. Wakuda musachulutse. Dzuwa la Okutobala limatenthetsa thabwa lakuda mpaka kuling'amba ming'alu.

Chatsala ndi kunyezimira. Utoto wambiri wa mafuta umene uli m'mashopu ndi wonyezimira, ndipo boti lonyezimira limaphetira padzuwa ngati galasi, mbalame n'kuuluka muli kutali. Ukauma bwino, patatha sabata, upukuteni mopepuka ndi sandipepa wosalala kwambiri mpaka kuwalako kuthe. Sabata imeneyi ndi yofunikanso kuti utoto ulimbe boti lisanakhudze madzi.

Pali ziwiri zimene sindigonja nazo. Wobwera kudzapentetsa boti kuti azizemba alangizi a zausodzi kapena a komiti ya padoko nyengo imene nyanja yatsekedwa, ndimamubweza. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo nsomba zimabwerera chifukwa cha zochepa zimene zimatsala n'kuswana. Chachiwiri, m'kati mwa boti ndimapaka utoto wowala. Mphepo ikadzuka pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, mudzafuna kuti anzanu akuoneni msanga, ndipo maboti a injini onyamula anthu amadutsa njira yomweyo. Bambo aja poyamba anakana, tinakambirana, tinagwirizana kuti kunja kukhale kwa mawanga, m'kati mukhale mwachikasu. Thabwa lokhalira tinalisiya losakhoma, kunsi kwake tinapaka olenji, kuti zikavuta angolizula n'kulikweza m'mwamba.