Mlandu umene unayamba ndi wailesi yakanema

Masiku ano pakamveka dandaulo loti anthu asiya kukhulupirira boma, makhoti ndi nyumba za malamulo, chala chimaloza Facebook ndi TikTok. Mlanduwu ndi wakale ndithu, kungoti woimbidwa mlandu ndiye wasintha. Poyamba unkagwera wailesi yakanema, ndipo unabadwira ku America.

Mu 1964, anthu 77 pa 100 alionse m'dzikolo ankati boma lawo limachita zoyenera nthawi zambiri. Pofika 1974 anatsala 36 okha. Akatswiri a ndale anayamba kukangana kuti chadya chikhulupiriro chonsecho n'chiyani.

Kwa ine, pamene nkhani inatembenukira ndi pa 23 February 1971. Usiku umenewo kampani ya wailesi yakanema ya CBS inaulutsa pulogalamu yotchedwa The Selling of the Pentagon, yosonyeza mmene unduna wa zachitetezo unkawonongera ndalama za misonkho podzitsatsa kwa nzika, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati. Andale ena anapsa mtima. Phungu wina, Harley Staggers, analamula kuti CBS ipereke zonse zimene inajambula koma osaulutsa. Mkulu wa kampaniyo, Frank Stanton, anakana kwamtuwagalu, ndipo mu July nyumba ya malamulo inakana kumupatsa chilango.

Pulogalamu yomweyo ndi imene katswiri wa ndale Michael Robinson anaonetsa anthu pa kafukufuku wake, amene anatuluka mu 1976. Anapeza kuti oonerawo ankachokapo akudzikayikira ngati zandale amazimvetsa n'komwe. Iye anati kanema amagwira ngakhale munthu amene sanafune nkhani, wongokhala pampando kudikira pulogalamu ina, n'kumudyetsa mikangano ndi zolephera za atsogoleri tsiku ndi tsiku. Matendawa anawatcha videomalaise, kutanthauza kugwa ulesi ndi zandale chifukwa cha kanema.

Mfundoyo ndi yokoma kuimva, koma ndimaiyeza ndi zimene zinkachitika zaka zomwezo. Mu June 1971 nyuzipepala ya New York Times inayamba kusindikiza zikalata zachinsinsi zosonyeza kuti boma linanamiza anthu pa za Vietnam. Mu 1973 anthu anaonera pa kanema maseneta akufunsa mboni za mlandu wa Watergate, wokhudza kuthyoledwa kwa maofesi a chipani chotsutsa, ndipo mu August 1974 mtsogoleri wa dziko Richard Nixon anatula pansi udindo chifukwa cha mlanduwo. Ndiye wolakwa ndani, wonama kapena woulula bodzalo? Kafukufuku wa Robinson sankatha kulekanitsa ziwirizi.

Zaka zotsatira mkangano unkangobwerezabwereza mpaka mu 2000, pamene katswiri wina, Pippa Norris, anaunika ziwerengero za ku Ulaya ndi America n'kupeza zosiyana: amene amatsatira kwambiri nkhani amadziwa zambiri, amavota, ndipo sakhulupirira boma mocheperapo kuposa anzawo. Apanso pali mpata, ndipo iye mwini anauvomereza. Ziwerengero zotere sizinena chimene chinayamba, kaya nkhani ndizo zimakulitsa chidwi, kaya achidwi kale ndiwo amatsegula nkhani.

Palinso china chimene oloza chala atolankhani amakonda kuchilumpha. Kafukufuku m'maiko ambiri amasonyeza kuti amene chipani chawo chapambana amakhutira ndi boma kuposa ogonja. Ku America, mtsogoleri akangosintha, otsatira zipani ziwiri zazikulu za kumeneko amasinthana malo pa chikhulupiriro, kanema ali yemweyo.

Umboni umene umandigwira mtima ndi wa ofufuza Diana Mutz ndi Byron Reeves, wa mu 2005. Analemba ganyu anthu azisudzo kuti akhale ngati opikisana pa chisankho, n'kujambula mtsutso womwewo kawiri. Koyamba ankayankhulana mwaulemu. Kachiwiri ankadulana mawu, kutembenuza maso ndi kunyogodolana, mfundo zili zomwezo. Amene anaonera wachipongwewo anatuluka akukhulupirira andale ndi nyumba ya malamulo mocheperapo kuposa amene anaonera waulemu uja.