Kodi malangizo ochizira sepsis ndi mapepala chabe?

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti malangizo ochizira sepsis sathandiza kanthu, ati wodwala akafika pamenepo ndiye kuti kwake kwatha. Zimenezi si zoona.

Sepsis imayamba pamene thupi, polimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, liyamba kuwononga ziwalo zake zomwe, monga impso ndi mapapo. Chodziwika n'chakuti wodwala akazindikiridwa msanga, akatengedwa magazi okayeza, akapatsidwa maantibayotiki mwachangu, makamaka lisanathe ola limodzi ngati kuthamanga kwa magazi kwatsika kwambiri, komanso gwero la matenda, monga mafinya, likachotsedwa, mwayi wake wochira umakula.

Malangizowo amasinthanso potsata umboni. Kafukufuku wa ku Zambia wofalitsidwa mu 2017 adapeza kuti ndondomeko yopatsa odwala akuluakulu madiripi ambiri mofulumira idachulukitsa imfa, n'chifukwa chake madzi ayenera kuperekedwa mosamala, poyang'anira mmene wodwala akupumira.

Mukamva zonena ngati zija zoti malangizowa sathandiza, funsani dokotala kapena namwino, ndipo fufuzani ngati pali kafukufuku, komwe adachitikira komanso odwala amene adayesedwa. Chonde musatumizire ena uthenga umene simunautsimikize, chifukwa ungachititse banja kuchedwa kupita ndi wodwala kuchipatala.