Mbiri ya Cape Maclear: mishoni, paki ndi mudzi wa Chembe

Banja likanyamuka ku Mangochi m'mamawa likhoza kukadyera nkhomaliro pamchenga wa ku Cape Maclear n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Msewu wake umapatuka mukatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, ndipo umakhotakhota m'mapiri a Nankumba kwa makilomita osakwana 20. Mukatsika chitunda chomaliza nyanja imangoti mbee patsogolo panu, koma musanaiponde mumayamba mwadutsa m'mudzi wa Chembe, momwe nyumba zathithikana, mathandala a usipa atambalala, ndipo malo ogona alendo andanda m'mphepete mwa madzi. Mudziwu wazingidwa ndi paki ya boma yoteteza zachilengedwe, Lake Malawi National Park. Alendo ambiri sazindikira zimenezi, komatu mikangano yambiri ya malowa imachokera pomwepa.

Dzina la Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone, yemwe anafika panyanjayi mu September 1859. Anatchula malowa pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Livingstone anamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, ndipo atamuika m'manda ku London chaka chotsatira, James Stewart anakopa mpingo wa Free Church of Scotland kuti ukakhazikitse mishoni kunyanja yomukumbukira. Anaitcha Livingstonia. Lero tikamva dzinali timaganiza za kumapiri a Rumphi, koma Livingstonia yoyamba inali konkuno ku Mangochi.

Gulu loyamba linabwera mu 1875 motsogozedwa ndi Edward Young, ndipo m'gululo munali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Anabwera ndi sitima yoyendera nthunzi yotchedwa Ilala. Atafika pamathithi a mtsinje wa Shire, pomwe sitima singadutse, anaiphwasula yonse. Anthu mazanamazana, amene mafumu Achimakololo anawasonkhanitsa, anasenza zitsulozo pamutu ndi pamapewa, kukwera nazo zitunda m'dzuwa la nyengo yotentha mpaka kumtunda kwa mathithi, komwe anailumikizanso. Mabuku amasunga mayina a azungu amene anali m'sitimamo, koma a osenza aja sanalembedwe, ngakhale kuti popanda iwo Ilala sikanalowa m'nyanja pa 12 October chaka chimenecho. Mfumu Mponda, yemwe ankalamulira pomwe Shire amatulukira m'nyanja, anawalola kuti adzisankhire malo, ndipo iwo anakonda Cape Maclear chifukwa zilumba zake zimatchinga mphepo, sitima ikhoza kukocheza bwino.

Doko linalidi labwino, koma moyo wa pamtunda unawavuta. Nthaka yolimapo inali yochepa, anthu okhala pafupi sanali ambiri, ndipo malungo sanawapatse mpata. Mu 1876 Laws anachita opareshoni pogwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa a chloroform, chinthu chimene chinali chachilendo kwambiri kuno, ndipo mbiri yake inakoka odwala ochokera kutali. Chaka chomwecho Stewart anabwera ndi anyamata anayi Achixhosa ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa. Mmodzi wa iwo, William Koyi, ndi amene pambuyo pake anatsegula njira yokambirana ndi Angoni a M'mbelwa, chifukwa ankamvana nawo chilankhulo. Mnzake, Shadrach Ngunana, anamwalira mu 1877, chaka chomwe anamwaliranso dokotala wina wa mishoniyo, William Black. Pofika 1881 amishoni anali ataika anzawo asanu m'manda ndipo anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chimenecho anasamukira ku Bandawe ku Nkhata Bay, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe. Namalambe ndi amene anatsala akuyang'anira ntchito ya pa Cape Maclear.

Mandawo alipobe, m'munsi mwa phiri, pafupi ndi maofesi a paki. Ndi malo aang'ono, achete, ndipo anyani amadutsapo mosaopa munthu. Ine ndimaona kuti kholo lililonse la CCAP lofika kunyanjaku liyenera kupatula mphindi zochepa n'kupita nawo ana kumeneko, chifukwa mbiri ya mpingo wawo inadutsa pamenepa. Ngakhale Henry Henderson, yemwe anakasankha malo a mishoni ya Blantyre mu 1876, anabwera m'gulu lomweli. Ndipo mwana akamva kuti pakati pa ogona pamenepo pali munthu wakuda wochokera ku South Africa, amayamba kufunsa mafunso amene sakanafunsa m'kalasi.

Patapita zaka zambiri kunabwera alendo amtundu wina. Mu 1949 kampani ya ndege ya BOAC inayamba kuimitsa pa Cape Maclear ndege zake zotera pamadzi, zimene zinkachokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Panali hotela yolandira okwera ndegezo. Sizinakhalitse: mu 1950 ndege zotera pamadzi zinasiya kuyenda, hotela inasowa makasitomala ndipo posakhalitsa inatsekedwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo anthu a ku Chembe anaziona ndi maso kawiri konse. Iwo anapitiriza kuwedza ndi kulima timinda tawo m'chigwa monga kale.

Chimene chinabwera n'kukhazikika ndi paki. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse. Inali paki yoyamba padziko yokhazikitsidwa kwenikweni kuti iteteze nsomba za m'madzi opanda mchere. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweyakilomita 94, ndipo mbali yaikulu ndi mapiri ndi zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Boadzulu komanso Maleri cha ku Salima. Gawo la madzi ndi lochepa: mamita 100 kuchokera pagombe la paki. M'mamita amenewa saloleza kuwedza, chifukwa m'miyala ya pamenepo ndimo mumakhala mbuna.

Mbuna ndi tinsomba tating'ono, ta buluu, ta chikasu, ta mizeremizere, timene timadya ndere za pamiyala. Sitikonda kuchoka pamiyala pomwe tinabadwira, ndiye chifukwa chake chilumba china chimakhala ndi mitundu yakeyake imene simungaipeze pachilumba choyandikana nacho. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yosakhala ya mchere, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Mbuna zazikazi zimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa. Mukakwera boti kupita ku Thumbi kapena mukayenda wapansi kufika ku Otter Point, simufunika kudziwa kusambira kwambiri kuti muzione. Mwana akangoima pamwala madzi akumulekeza m'mawondo, timamuzungulira miyendo, tina n'kumamujompha zala. Pobwerera, woyendetsa boti amaimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi, ndipo nkhwazi imachoka mumtengo, kutsetsereka mpaka kuikwatula ndi zikhadabo pafupi ndi boti penipeni. Ana saiwala zimenezi.

Koma pamene malire a paki ankalembedwa, anthu anali kale m'menemo. Boma silinawasamutse, ndipo pamenepa linachita bwino. Midzi isanu inasiyidwa pomwe inali: Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale. Vuto linali lakuti phiri lomwe amayi ankatolako nkhuni ndi kumweta udzu wofolerera nyumba linasanduka la boma, ndipo miyala yomwe abambo ankaponyako mbedza inakhala yoletsedwa. Anagwirizana kuti anthu azitola nkhuni zouma zokha atadula chiphaso, osadula mtengo wauwisi. Papepala zinali zomveka. Koma midziyi sinakhale yaing'ono monga inalili mu 1980. Asodzi ambiri ochokera kumpoto anadzakhazikika ku Msaka ndi ku Mvunguti, malonda a nsomba anakula, ntchito zokopa alendo zinakoka anthu a m'maboma ena, ndipo mudzi sungakule kupita kuphiri chifukwa kumeneko ndi kupaki. Usipa umauma ndi dzuwa pathandala, koma kampango ndi nsomba zina zikuluzikulu zimafuna kuwamba, ndipo kuwamba kumadya nkhuni zambiri. Mayi amene walandidwa mtolo ndi chikwanje amafunsa kuti aphikire chiyani. Woyang'anira paki naye amaloza phiri lomwe likuyera, n'kunena kuti dothi likakokolokera m'nyanja limakwirira ndere za pamiyala, mbuna zimasowa chakudya, ndipo mbuna zikatha alendo sabweranso. Onsewa akunena zoona, ndipo ndiye chifukwa chake nkhaniyi siitha.

Usiku mukayang'ana panyanja mumaona nyali zitandanda kutali. Ameneyo ndi siginala, msodzi wonyamula nyali m'bwato lake, akukopa usipa ndi kuwala kuti anzake auzinge ndi khoka lalikulu lotchedwa chilimila. Usodzi umenewu umachitikira kutali ndi gombe ndipo ndi wololedwa. Umene unawononga zinthu ndi wa makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhalenso masikito, okokedwa pamchenga m'madzi osaya. Akatswiri amene anafufuza kwa zaka zambiri ku Chembe anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi wotere, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, ndipo matendawa anakula m'mudzimo kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Oyamba kudwala ndi ana a pomwepo amene amakhala m'madzi tsiku lonse. Banja lokacheza lisaope nyanja chifukwa cha izi, koma lidziwe kuti likodzo liliko, ndipo pakapita masabata angapo mutabwerako ndi bwino kukaonana ndi achipatala. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka.

Mkangano womwewu unaonekanso cha m'ma 2021 ndi 2022, pamene Southern Region Water Board inkamanga thanki la madzi paphiri la Nkhudzi, lomwe lili m'malire a paki. Mabungwe oona zachilengedwe anakamang'ala kukhoti poopa kuti ntchitoyo iwononga phiri ndi nsomba za m'munsi mwake. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, amene akhala akumwa madzi osatetezeka ndiponso kukumana ndi ng'ona potunga, ankafuna mipopi. Ine sindingaweruze mayi wofuna madzi abwino. Chomwe chimandipweteka n'chakuti zinthu zotere zimafika pokhala ngati tisankhe chimodzi, anthu kapena nsomba, pamene kukambirana kukanayamba msanga, mapulani asanamangidwe.

Kwa zaka zambiri Cape Maclear inkaoneka ngati malo a azungu onyamula zikwama kumsana, ndipo Amalawi ambiri ankangoimva. Zasintha. Pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa Tsiku la Anakubala, mchenga umadzaza ndi mabanja ochokera ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, makwaya ndi ana asukulu. Mmalawi amalipira ndalama yocheperapo polowa m'paki kusiyana ndi mlendo wakunja. Ndalama zimene zimatsaladi m'mudzi ndi zomwe mumapereka kwa woyendetsa boti wa pomwepo, kwa mayi wokuphikirani nsima ya chambo kapena kampango, ndi kwa wosema ziboliboli. Musanakwere boti funsani majekete oyandamitsa a ana, ndipo kukachita mwera musakakamire ulendo wa kuzilumba, mverani asodzi. Kumbukiraninso kuti gombe la Chembe ndi pakhomo pa anthu: pomwe inu mukujambula zithunzi, wina akutsuka mbale kapena akusambitsa mwana, ndipo ndi ulemu kuyamba mwapereka moni ndi kupempha.

Pobwerera, musanatuluke m'mapiri, imani pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu cha m'mbali mwa msewu chokhala ndi mizere yakuya yodutsanadutsana, yofanana ndi mphini zomwe agogo athu ankatema pankhope. Sanazilembe ndi munthu. Akatswiri a miyala amati zinapangika zokha ndi kutentha, kuzizira ndi mvula kwa zaka zosawerengeka. Anthu a m'derali akhala akuulemekeza kuyambira kale, ndipo asing'anga ena amapala fumbi lake n'kusakaniza m'mankhwala. Mwalawu uli m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma, choncho ana auone ndi kuukhudza, koma asalembepo mayina awo.