Masamba a chimanga akapsa m'mphepete, musathamangire yureya

Alimi ambiri tikaona chimanga chachita chikasu timangoti chili ndi njala, n'kuyamba kusaka ndalama ya feteleza wobereketsa. Nthawi zambiri timalondola, chifukwa mchere wa nayitrojeni ndi umene umasowa kwambiri m'minda mwathu. Koma ilipo njala ina imene yureya sangaithetse ngakhale mutathira matumba angati. Imeneyi ndi njala ya potaziyamu.

Kuti musiyanitse, lowani m'munda, werama­ni, mugwire tsamba lam'munsi. Njala ziwirizi zonse zimayambira ku masamba akale, chifukwa chomera chikaperewedwa mchere chimausamutsa kumasamba akale n'kuupititsa ku ongophuka kumene. Chosiyanitsa ndi njira imene chikasucho chadzera. Ngati chayambira kunsonga n'kutsika pakati potsata msana wa tsamba, mooneka ngati chilembo V, m'mphepete mukadali mobiriwira, ameneyo ndi nayitrojeni. Ngati chayambira kunsonga n'kutsika m'mbali zonse ziwiri, msana wa tsamba n'kutsala wobiriwira, ganizirani potaziyamu. Pakapita masiku m'mbalimo mumasanduka mofiirira n'kuuma ngati mwawauka ndi moto, ndipo mukafinya ndi zala mumafumbutuka. Masamba akumtunda amakhala akuoneka abwinobwino, n'chifukwa chake munthu woyang'ana ali kumsewu amayamikira munda umene ukuvutika.

Musasokoneze ndi chiwawu, chimene chimapanga zipsera zazitali paliponse patsamba osasankha m'mphepete. Chikasu cha masamba akumtunda nachonso ndi nkhani ina, kawirikawiri kusowa kwa mchere wa salufa kapena zinki.

Kuonongeka kwenikweni kumaoneka mochedwa. Potaziyamu ndiye amalimbitsa phesi, amathandiza chomera kusunga madzi, komanso amayendetsa chakudya kuchoka m'masamba kupita ku njere. Akasowa, mfundo za phesi zimayandikana, chimanga chimafupika, chimafota msanga dzuwa likangowala masiku ochepa, ndipo mphepo ya mu Febuluwale kapena Malichi imachigwetsa mosavuta. Chikagwa ambiri timanamizira chiswe. Thyolani phesi limodzi muone: ngati mulibe chiswe kapena kapuchi koma ndi lofewa, lowola msanga m'munsi, vuto likhoza kukhala m'nthaka. Pokolola mupeza zisononkho zosadzaza kunsonga, njere zogwedera ndi zopepuka.

Kwa zaka zambiri feteleza wokulitsa amene tinkadalira anali 23:21:0+4S. Nambala yachitatu pathumba ndi ya potaziyamu, ndiye 0 ameneyo ankatanthauza kuti mulibiretu. Yureya ndi CAN namonso mulibe. Tinkangotapa m'nthaka chaka ndi chaka osabwezera. Feteleza wa 23:10:5+6S+1Zn amene analowa m'malo mwake ali nayeko, koma pang'ono: thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 2.5 okha a potashi, amene ndi potaziyamu wa mu feteleza. Pamunda wongoperewera pang'ono zimathandiza, koma pamchenga wotheratu mphamvu, kapena pamene mwakhala mukulima chinangwa, mbatata kapena fodya, mbewu zodya potaziyamu kwambiri, n'zosakwanira.

Chimene chimandidandaulitsa kuposa feteleza ndi mmene timachitira ndi mapesi. Gawo lalikulu la potaziyamu amene chimanga chimatenga silipita ku njere, limatsala m'mapesi ndi m'masamba. Tikatuta mapesi kukaphikira, kukamangira mpanda kapena kukadyetsa ng'ombe, ndowe zake osabwerera kumunda, ndiye kuti tasenza potaziyamu wa mundawo pamutu n'kukamutaya kwina. Ena amati akawotcha phulusa limatsala momwemo. N'zoona kuti potaziyamu amatsala m'phulusa, koma timaunjika mapesi pamalo amodzi, ndiye mcherewo umakhala pamuluwo basi, pamene nayitrojeni ndi chonde china chapita ndi utsi.

Nthawi zina mcherewo umakhala ulimo koma mizu ikulephera kuufikira. Zimachitika kukachita ng'amba chimanga chili cham'maondo, kapena pamene dothi lapansi pa mizere lalimba chifukwa cholima ndi khasu mozama chimodzimodzi chaka chilichonse. Zulani phando limodzi: mizu yopindikira m'mbali m'malo molowa pansi ikuuzani zimenezi. Mvula ikabwera masamba atsopano amatuluka abwino, ngakhale opsa aja sabwereranso.

Chimanga chimatenga potaziyamu wake wambiri chisanamasule, choncho mukazindikira vutoli ngaiyaye zitatuluka, musataye ndalama, konzekerani chaka chamawa. Chikadali chaching'ono ndipo nthaka ili yonyowa, feteleza wa MOP, amene magawo 60 pa 100 aliwonse ndi potashi, angathandize. Mukwirire chapatali pang'ono ndi phando chifukwa amawotcha mizu. Musanagule, pemphani alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuthandizeni kutenga dothi lokayezetsa ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Lunyangwa.

Manyowa a m'khola ndi phulusa la kukhitchini ndi potaziyamu wosagula. Phulusalo lisungeni pouma, chifukwa likavumbwa mcherewo umatsukika, ndipo muliwaze pokonza munda mvula isanagwe. Osaliphatikiza ndi yureya pothira, popeza limauluzitsa nayitrojeni amene mwamugula modula.