Chisilamu sichinayambe kufika mu Africa ndi ogula akapolo ayi

Anthu ambiri amangoti Chisilamu chinalowa mu Africa ndi Aluya ogula akapolo, koma abale zimenezo nza kuno kwathu mma 1800, osati Africa yense. Cha mma 615 Asilamu oyambirira atazunzika kwambiri ndi a Quraysh, fuko lomwe linkalamulira ku Makkah, Mtumiki Muhammad anawauza kuti athawire ku Aksum, komwe lero kuli Ethiopia ndi Eritrea, kwa mfumu yachikhristu Najashi. A Quraysh mpaka anatumiza anthu ndi mphatso kuti akawatengeko, koma Ja'far ibn Abi Talib, mmodzi mwa Asilamu othawawo, atawerenga ndime za mu Qur'an za Surah Maryam zokamba za Yesu ndi mayi ake mfumuyo inakanitsitsa kuwapereka. Ndiye tangoganizani, apa nkuti msamuko wa Mtumiki wochoka ku Makkah kupita ku Madinah wa 622 usanachitike nkomwe.