Psilocybin ndi MDMA ku Australia: mayankho a mafunso amene mukutifunsa

Chiyambireni kuzungulira uthenga wa pa WhatsApp woti "Australia yaloleza bowa wochiza uchidakwa", foni ya pa ofesi yathu sikupuma. Ambiri oimba ndi amayi ofunsira amuna awo kapena ana awo, ndipo ena atinena kuti tikubisa chithandizo. Ntchito yathu ndi kulozera anthu kopita akadwala maganizo. Sitilemba mankhwala.

Kodi chinasintha n'chiyani?

Kuyambira pa 1 July 2023, bungwe loona za mankhwala kuno ku Australia la TGA linalola kuti MDMA, imene ena amaitcha ecstasy, iziperekedwa kwa odwala PTSD, matenda otsalira munthu akaona zoopsa, ndi psilocybin, mankhwala opezeka m'mitundu ina ya bowa, kwa odwala matenda okhumudwa amene mankhwala ena awakanika. Pa china chilichonse n'zoletsedwabe, kupatula m'kafukufuku wovomerezeka.

GP wanga, dokotala wanga wa masiku onse, angandilembere?

Ayi. Ndi dokotala wa matenda a maganizo yekha, amenenso komiti yoteteza odwala pa kafukufuku komanso TGA zamuvomereza.

Bambo a kunyumba mowa wawatha. Mukunena bwanji kuti sakuyenera?

Funso ili ndi limene latidanitsa ndi anthu, ndiye tifotokoze mofatsa. Lamuloli silitchula mowa, fodya kapena mankhwala ozunguza bongo. Sitinalembe ndife.

Sitikunena kuti uthenga uja ndi bodza lokhalokha. Mu 2022, gulu la Michael Bogenschutz ku New York University linatulutsa zotsatira za anthu 93 a vuto la mowa. Onse analandira uphungu, koma amene anapatsidwa psilocybin anachepetsa kwambiri masiku oledzera poyerekeza ndi anzawo amene anapatsidwa mankhwala ena ongoyerekezera. Ku yunivesite ya Johns Hopkins nako, mu 2014, pa anthu 15 osuta fodya amene anapatsidwa psilocybin, 12 anali atasiya patatha miyezi isanu ndi umodzi. Koma anthu 15 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lowayerekezera nalo. Palinso vuto limene ofufuzawo amavomereza okha: munthu akamwa psilocybin amadziwa kuti wamwa yeniyeni, ndiye kulekanitsa mphamvu ya mankhwala ndi chiyembekezo chake kumavuta.

Nanga ngati bambowo ali ndi vuto la mowa komanso matenda okhumudwa? Apa sitingalonjeze kanthu. Woweruza ndi dokotala, atawona mbiri yonse ya wodwalayo ndi chithandizo chimene anayesapo. Amene anadwalapo misala, kapena m'banja mwawo muli matenda a maganizo a schizophrenia kapena bipolar, kawirikawiri amabwezedwa, chimodzimodzi a vuto la mtima kapena BP yokwera kwambiri. Chonde musawabisire adokotala zimenezi kuti mudutse. Ndipo munthu womwa tsiku ndi tsiku asasiye mowa mwadzidzidzi payekha kunyumba, angakomoke. Yambani mwaonana ndi GP.

Analemba dzina langa m'buku pa ofesi yanu. Ndili nambala chani?

Palibe nambala. Masabata oyamba tinkalemba maina a oimba foni kuti tidzawayankhe, ndipo tikuvomereza kuti sitinafotokoze bwino. Bukulo si mzere wodikira chithandizo.

Boma limalipira?

Mwachidule, musadalire zimenezo. Mankhwalawa sanalembedwe m'kaundula wa mankhwala ovomerezeka ndipo sali pa PBS, ndondomeko imene imatsitsa mitengo ku pharmacy. Mitengo imene imamveka nthawi zambiri imapitirira madola 20,000 a kuno. Chodula si kapisozi. Tsiku lomwa mankhwala munthu amagona m'chipinda cha phee, maso ataphimbidwa, nyimbo zili m'makutu, alangizi awiri atakhala pambali pake maola sikisi kapena eyiti, namesi kapena dokotala akuyeza BP. Asanafike tsikulo pamakhala misonkhano yokonzekera, ndipo pambuyo pake ina yokambirana zimene waona. Maola onsewo ndi a akatswiri.

Zoti Medicare, ndondomeko ya boma yolipirira zachipatala, kapena inshuwalansi yanu ingabweze gawo lina zimadalira chipatala ndi pangano lanu. Funsani mtengo wonse wolembedwa papepala musanapereke ndalama iliyonse, makamaka inu amene mukuganiza zosonkhetsa abale kapena kutenga ngongole. Olowa m'kafukufuku nthawi zambiri salipira, koma amasankhidwa mokhwima ndipo mwina angagwere m'gulu losalandira mankhwala enieniwo. Kafukufuku wa kuno amalembedwa m'kaundula wa ANZCTR pa intaneti.

Kodi ofesi yanu imadyapo kanthu ikatumiza munthu kuchipatala?

Ayi.

Ngati n'zabwino, ku America anakaniranji?

Mu August 2024 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linakana pempho la kampani ya Lykos loti MDMA ivomerezedwe pochiza PTSD ndipo linapempha kafukufuku wina. Ngakhale kuno, akatswiri ena anati TGA inathamanga. Mkangano umenewo sitingauthetse ndife.

Bwanji ndingozula ndekha bowayo m'tchire?

Ndi mlandu, komanso mungafe. Ku Canberra ndi Melbourne, pansi pa mitengo ya oak pamamera bowa wa death cap amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake. Luso lozula bowa wa ndiwo limene munaphunzira kwa agogo silikuthandizani pa bowa wa kuno.